Kodi zolaula za pa intaneti zimasintha momwe mwamuna amaonera mkazi?

Nachisale: Abale, pali nkhani yomwe yandizunguza mutu kuyambira sabata yatha. Tinkacheza ndi anzanga, wina n'kunena kuti mwamuna woonera zolaula pa foni umamudziwa ndi momwe amayankhulira za akazi. Wina n'kukana, akuti mwamuna wake amaonera ndithu koma ndi munthu waulemu, amasambitsa ana, sanamukwezerepo mawu. Tinabalalika tisanagwirizane. Ndiye ndati ndifunse muno momwe muli amuna ambiri. Kodi zinthu zimenezi zimasintha momwe mumationera ife akazi, kapena ndife tikungokokomeza? Chonde tisatukwanane.

Woyang'anira Gulu: Nkhaniyi ndailola. Koma woponya linki kapena chithunzi ndimutulutsa osamufunsa. Yankhulani.

Kondwani: Achemwali, ndiyankhe ine poti amuna anzangawa angoti zii ngati sakudziwa zomwe zikunenedwa. Ine ndaonerapo, sindikukana. Koma ndaoneranso mafilimu ankhondo osawerengeka ndipo sindinawomberepo munthu. Munthu wamkulu amasiyanitsa sewero ndi moyo. Kuntchito abwana anga ndi mayi, ndimawapatsa ulemu wonse, atati aime pa chisankho ndikhoza kuwavotera. Ndiye kunena kuti ndimapeputsa akazi chifukwa cha zomwe ndimaona pa foni usiku n'kundinamizira.

Bambo a Tadala: Achimwene Kondwani, fanizo lanulo likudontha. Mukaonera filimu yankhondo, mawa lake palibe amene amakupatsani mfuti. Mukaonera zinazi, mawa lake muli ndi mkazi weniweni m'chipinda. Komanso filimu yankhondo simuionera thupi litatentha. Chimene munthu waphunzira akumva kukoma chimakhazikika msanga kuposa chimene waphunzira akuyasamula.

Kondwani: Madala, mukuyankhula ngati katswiri pa nkhaniyi 😂

Bambo a Tadala: Ndinali mnyamata inenso. Kusiyana kwake n'koti ife tinali ndi magazini imodzi yong'ambikang'ambika yozungulira anyamata khumi, ndipo ukaimaliza yatha. Zanuzi sizitha. Ukatsitsa chala kukubwera ina.

Chikondi: Ndiloleni ndilowe ndi zomwe ofufuza apeza, chifukwa nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri ndipo yankho lake silikondweretsa mbali iliyonse. Ndiyambe ndi chomwe a Kondwani achikonde. Mu 2016 Taylor Kohut ndi anzake a ku Western University ku Canada anasanthula mayankho a kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa General Social Survey, amene wakhala akufunsa anthu mafunso ofanana kuyambira zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti anthu omwe anavomera kuti anaonera filimu yolaula m'chaka chapitacho ankagwirizana kwambiri ndi zoti mkazi akhale pa udindo wandale komanso azigwira ntchito yolipidwa, kuposa omwe sanaonere.

Kondwani: Basi nkhani yatha. Oyang'anira gulu tsekani.

Namwino Wausiku: Osathamangira kumeza kutafuna kukadakoma, achimwene. A Chikondi, anthuwo anafunsidwa chiyani kwenikweni? Za maudindo ndi ntchito basi?

Chikondi: Mwagwira pamene pali nkhani, amayi. Anafunsidwa za ndale, za ntchito, za kuchotsa mimba, zinthu za pabwalo. Sanafunsidwe kuti mkazi akati ayi m'chipinda akutanthauza chiyani. Vuto lina n'loti anthu opemphera kwambiri ndi ogwiritsitsa zakale ndi amene kawirikawiri amapewa zolaula, ndipo ambiri mwa omwewo ndi amene amati malo a mkazi ndi pakhomo. Ndiye mwina si zolaulazo zomwe zikumasula maganizo. Mwina munthu womasuka kale ndi amene amaonera n'kuvomera atafunsidwa.

Tsono mukasintha funso, yankho limasinthanso. Mu 2010 Gert Martin Hald, Neil Malamuth ndi Carlin Yuen anasonkhanitsa makafukufuku angapo n'kupeza kuti amuna oonera kwambiri amavomereza mosavuta maganizo olekerera nkhanza kwa akazi, monga oti wogwiriridwa anaziputa yekha, ndipo kugwirizanako kunali kwakukulu pa zolaula zankhanza. Mu 2016 Paul Wright ndi anzake anaphatikiza makafukufuku 22 a m'mayiko 7 n'kupeza kuti kuonera kumayendera limodzi ndi kuumiriza wina zogonana, ndi mawu ngakhale ndi mphamvu.

Nachisale: Ndiye mukuti munthu mmodzi yemweyo akhoza kuvotera mkazi masana, usiku n'kukhala wosamva mawu oti ayi?

Chikondi: Ndi momwemo. Sikelo yoyezera ulemu wa pabwalo siyeza ulemu wa m'chipinda.

Kondwani: Inenso ndafufuza, musaone ngati ndangokhala. Christopher Ferguson ndi Richard Hartley anasonkhanitsanso makafukufuku ambiri mu 2020 ndipo sanapeze umboni wamphamvu woti zolaula zopanda nkhanza zimachititsa munthu kugwirira. Komanso intaneti itafalikira, milandu yogwirira ku America sinakwere monga anthu ankaopera. Zimenezo muzinenenso, a Chikondi.

Chikondi: Ndikuvomera, ndipo ndi chifukwa chake sindinanene kuti aliyense woonera ndi wogwirira. Koma funso la a Nachisale silinali la milandu yakupolisi. Linali la kaonedwe. Pakati pa ulemu ndi kugwirira pali mtunda wautali, ndipo akazi ambiri amakhala pamtunda umenewo tsiku ndi tsiku: nthabwala, kuyang'anidwa kuyambira m'chiuno, kunyengereredwa mpaka kutopa n'kulola.

Wamakompyuta: Mawu oti "zopanda nkhanza" ndi amene akundivuta ine. Kodi mukuganiza kuti tsamba limakufunsa kuti ukufuna zofatsa kapena zaukali? Fiona Vera-Gray ndi anzake a ku Durham University anawerenga mitu ya makanema oposa 130,000 yomwe imaoneka patsamba loyamba la mawebusayiti atatu akuluakulu, patsamba lomwe mlendo wongofika kumene amaliona. Mu 2021 anatulutsa zotsatira: mutu umodzi mwa 8 iliyonse unkanena za nkhanza zogonana, monga kuumiriza, kujambula munthu mobisa, kapena kugona ndi wachibale. Sunafufuze chilichonse, wangotsegula chitseko.

Ndipo mawebusayitiwa amapeza ndalama ndi nthawi yomwe mwakhalapo. Chimene chakuimitsani chala, ngakhale chakuimitsani chifukwa chodabwa kapena kunyansidwa, makina amachilemba ngati chomwe mwakonda n'kukubweretserani chinzake chowawirapo. Webusayiti yaikulu yolaula ya Pornhub inayamba mu 2007, ndipo inanena yokha kuti mu 2019 inachezeredwa maulendo 42 biliyoni. Imeneyo si magazini ya a Bambo a Tadala ija.

Namwino Wausiku: Pali kafukufuku wa Ana Bridges wa mu 2010 yemwe sindimuiwala. Anaona zigawo 304 za mafilimu olaula ogulidwa kwambiri, n'kupeza kuti 88 pa 100 zilizonse zinali ndi kumenya, kukoka tsitsi, kutsamwitsa ndi zina zotero, ndipo olandira nkhanzazo pafupifupi onse anali akazi. Ena amatsutsa chiwerengerocho, akuti anawerengera ngakhale kambama ka pathako komwe onse agwirizana. Chabwino. Koma ine chimene chinandigwira si 88 ayi. N'choti pafupifupi nthawi zonse mkazi wochitidwayo ankaoneka wosangalala kapena wosalabadira. Phunziro lili pamenepo. Mnyamata sakuphunzira kuti kumenya kulipo, zimenezo akudziwa kale. Akuphunzira kuti mkazi akamenyedwa amamwetulira.

Mphunzitsi Wopuma: Ana anga, ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo zaka zanga zomaliza ndi zomwe mafoni anafika m'matumba a ana. Kusintha ndinakuona ndi maso, osati m'buku. Kale mnyamata akafuna mtsikana ankalemba kalata yodzaza ndi mabodza okoma. Kumapetoku ndinalanda foni ya mnyamata wa zaka 14 m'kalasi, ndipo uthenga womwe unali poyera unali wopempha mtsikana chithunzi cha maliseche, mwaukali ngati akulonjerera ngongole. Nditamuitana sanachite manyazi. Anadabwa kuti ndikudabwa chiyani. Anati aliyense amatero. Mawu amenewo ndi omwe anandiopsa, osati chithunzicho.

Wamakompyuta: Aphunzitsi, zaka 14 ndi mochedwa kale. Ofesi yoteteza ufulu wa ana ya Children's Commissioner ku England inatulutsa lipoti mu Januwale 2023. Achinyamata omwe anafunsidwa anayamba kuona zolaula ali ndi zaka pafupifupi 13, ndipo 27 pa 100 alionse anali ataona pofika zaka 11, pamene 10 pa 100 anaona pofika zaka 9. Okwana 79 pa 100 anakumana ndi zolaula zankhanza asanafike zaka 18. Ndipo malo omwe ambiri anatchula kuti anazionerako anali Twitter, osati mawebusayiti olaula enieni. Mwana sakuzifuna, zikumupeza.

Nachisale: Zaka 9! Mwana woti akuiwalabe juzi kusukulu.

Mkulu wa Mpingo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Abale, manambala onsewa akungonena chomwe tinauzidwa kale, kuti woyang'ana mkazi momukhumbira wachita naye kale chigololo mumtima. Muzu wake ndi tchimo. Koma ndinenenso kuti alongo athu atithandize. Mavalidwe a masiku ano, ndi zithunzi zomwe atsikana akudziika okha pa intaneti, zikuwagwetsa anyamata. Mwamuna ndi wofooka pa maso.

Nachisale: Abambo, ndi ulemu wonse, pamenepa ndikutsutsani. Mwayamba bwino kuti vuto lili mumtima mwa woyang'ana, kenako mwalinyamula n'kulisenzetsa woyang'anidwa. Woonera zolaula amati mkazi ndi thupi loti asangalale nalo. Inu mukuti mkazi ndi thupi loti mwamuna aziliopa. Nonse awiri mwaona thupi, palibe waona munthu. Ndipo mawu oti mwamuna ndi wofooka pa maso ndi omwewo amene makanemawa amaphunzitsa, kuti mwamuna akadzuka sangadzigwire.

Bambo a Tadala: Eee, a Nachisale mwalasa.

Mkulu wa Mpingo: Sindinati mkazi ndi wolakwa, mwana wanga. Koma ndamva zomwe mwanena, ndipo ndiziganizira. Pa za tchimo pokha sindisuntha.

Chikondi: Zomwe a Nachisale anenazi zili ndi dzina. Mu 1996 Peter Glick ndi Susan Fiske anafotokoza kuti kupeputsa akazi kuli mitundu iwiri. Wina ndi waukali: akazi ndi achinyengo, amafuna ndalama, amafuna kutilamulira. Wina ndi wovala ulemu: mkazi ndi dzira, ndi woyera, tizimuteteza, asamapite kutali. Wachiwiriwu umamveka bwino koma umamutsekera mkazi m'khola lomwelo. N'chifukwa chake kusiya zolaula pakokha sikutanthauza kuti munthu wayamba kuona mkazi ngati mnzake.

Wosadzitchula: Oyang'anira gulu andilola kulemba ndi dzina lobisa. Ndine mwamuna wokwatira, ndinayamba kuonera ndili ndi zaka 15, ndipo ndakhala ndikuonera zaka zoposa khumi. A Kondwani, ine ndikanayankha chimodzimodzi ngati inu, chifukwa sindinadanepo ndi akazi ndipo sindinamenyepo mkazi wanga. Chimene chinasintha mwa ine si chidani. Ndi kuleza mtima.

M'makanema mulibe mkazi wotopa, mulibe wodwala mutu, mulibe amene akufuna mucheze kaye za tsiku lake. Amakhala wokonzeka pomwepo, ndipo akakutopetsa umadumpha n'kusankha wina. Ndiye mkazi wanga akati lero ayi, mumtima mwanga munkabwera mkwiyo ngati wandimana chinthu changa. Sindinkamukalipira. Ndinkangotembenukira kukhoma, m'mawa osamuyankhula. Kawiri katatu, anayamba kulola kuti pakhale mtendere. Ine n'kumati zinthu zikuyenda bwino.

Chinandidzutsa ndi tsiku lina pamsonkhano wakuntchito. Mayi wina ankafotokoza lipoti kwa mphindi khumi, atamaliza abwana anandifunsa maganizo anga, ndipo sindinamve ngakhale liwu limodzi. Maso anga anali atamugawa zigawozigawo monga kamera imachitira. Munthu woti ndimagwira naye ntchito zaka zitatu, ndimadziwa ana ake. Akanandipatsa pepala la kafukufuku tsiku lomwelo, ndikanalemba kuti akazi ndi amuna ndi ofanana, ndipo sindikananama.

Namwino Wausiku: Zikomo achimwene polankhula. Kukhala chete kwa m'mawako akazi ambiri akukudziwa. Si mbama, koma kumagwira ntchito ya mbama.

Ine ndiwonjezere za kuntchito kwanga. Funso lomwe atsikana akundifunsa masiku ano, lomwe kale sindinkalimva, n'loti kodi kukanyangidwa pakhosi pogonana n'kwabwinobwino? Amafunsa motsitsa mawu, ngati iwo ndi amene ali ndi vuto posazikonda. Debby Herbenick wa ku Indiana University wafufuza zimenezi pakati pa ophunzira a ku koleji ku America n'kupeza kuti zafala kwambiri, makamaka akazi ndi amene amakanyangidwa. Ndinene monga namwino: m'khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Ikafinyidwa munthu akhoza kukomoka m'masekondi ochepa, ndipo kuwonongeka kwina kumaonekera patapita masiku popanda chipsera chakunja. Palibe njira yotetezeka yochitira zimenezi. Ku England ndi Wales anafika pokhazikitsa mlandu wapadera wa kukanyanga pakhosi mu 2022. Mnyamata wochita zimenezi nthawi zambiri sakufuna kupha munthu. Akuganiza kuti ndi momwe amuna odziwa amachitira.

Kondwani: Chabwino, koma mundiyankhe ichi. Ngati amuna ambirimbiri amaonera, bwanji si onse amene amakanyanga anthu? Ine sindinachitepo.

Chikondi: Funso labwino, ndipo Malamuth wathera zaka zambiri pa ilo. Zomwe wapeza n'zoti zolaula zimakhala ngati mafuta. Ukathira pa dothi lonyowa palibe chimayaka. Ukathira pamene pali kale moto, umalilima. Moto wake ndi zinthu ziwiri: mwamuna wokhala kale ndi mkwiyo ndi kusakhulupirira akazi, komanso wotenga kugonana ngati masewera opanda munthu mkati. Mwa amuna otere, kuonera kwambiri kumayendera limodzi ndi nkhanza zambiri. Mwa ena kusiyana kumakhala kochepa.

Koma musapume msanga. Jochen Peter ndi Patti Valkenburg ku Netherlands anatsatira achinyamata omwewo kwa nthawi, osati kuwafunsa kamodzi kokha. Anapeza kuti kuonera kunkawonjezera maganizo oti mkazi ndi chida chogonana nacho, ndipo kwa anyamata maganizo amenewo ankawabwezeranso kukaonera zambiri. Ndiye dothi lonyowa lija likhoza kuuma pang'onopang'ono. Mwana wa zaka 11 alibe maganizo okhazikika oti mafutawo awapeze. Akuwaumba pomwepo.

Bambo a Tadala: Apa mpamene pandikhudza ine. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 12. Foni alibe, koma anzake ali nazo. Kodi malamulo oletsa ana kulowa pa mawebusayiti olaula akuthandiza?

Wamakompyuta: Pang'ono. Chigawo cha Louisiana ku America chinayamba mu Januwale 2023 kukakamiza mawebusayiti kutsimikiza zaka za munthu, zigawo zina zinatsatira, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamulo la Texas mu June 2025. Ku Britain lamulo la Online Safety Act linayamba kufuna zimenezi mu July 2025. Zimatchinga mwana wongogwera mwangozi, ndipo chimenecho si chinthu chochepa. Koma wofunitsitsa amaika VPN, pulogalamu yobisa dziko lomwe ali, kapena mnzake amangomutumizira pa WhatsApp. Makampani a zolaulawa amasuntha ndalama zikagwedezeka. Mu Disembala 2020, nyuzipepala ya New York Times italemba za makanema a ana ndi a anthu ojambulidwa mosafuna, makampani a makadi olipirira a Visa ndi Mastercard anasiya kugwira ntchito ndi Pornhub, ndipo m'masiku ochepa Pornhub inachotsa makanema mamiliyoni. Madandaulo a akazi omwe anali m'makanemawo anali atakhalapo zaka zambiri osamveka.

Mphunzitsi Wopuma: Bambo a Tadala, musadikire kumugwira. Mukamugwira mudzayamba ndi ukali, iye adzaphunzira kubisa. Ine ndikanabwerera m'kalasi sindikanayamba ndi mawu oti usaonere. Ndikanamufunsa kuti mwa zomwe waonazo, unamvapo wina akufunsa mnzake ngati akufuna? Unaonapo wina atati basi, winayo n'kusiya? Mwana ndi wanzeru, akayamba kuona chomwe chikusowa m'kanemamo amayamba kuikayikira yekha.

Bambo a Tadala: Kunena n'kosavuta aphunzitsi. Bambo anga sanandiuzepo liwu limodzi pa nkhani zimenezi, ndiye pakamwa panga pamauma ndikangoganiza zoyamba. Koma ndiyesa Loweruka tikamayenda awiri, poti kuyankhula mukuyang'ana kutsogolo n'kopepukirapo kusiyana ndi kuyang'anana m'maso.

Nachisale: Ine ndibwerere kwa mnzanga uja, wa mwamuna waulemu wosambitsa ana. Sindikuti akunama. Koma ndazindikira kuti tonse tinkapereka umboni wa pabalaza. Palibe mwa ife amene anafunsa za kuseri kwa chitseko, ndipo iyenso sakanayankha pagulu. A Kondwani, inu mwatiuza za abwana anu ndi voti yanu. Amene angayankhe funso langa si inu ayi. Ndi chibwenzi chanu.

Kondwani: Achemwali mwayamba kulowa m'nyumba za eni 😅

Nachisale: Simukuyenera kutiuza. Ingomufunsani ngati analolapo chinthu chifukwa choopa kuti mukwiya kapena muona ngati ndi wachikale.

Wosadzitchula: Ndipo mukafunsa musadziteteze. Ine ndinalakwitsa pamenepo ulendo woyamba, ndinayamba kufotokoza, iye n'kutseka pakamwa mwezi wathunthu.

Mkulu wa Mpingo: Funso limenelo likhoza kufunsidwanso ndi ife amene sitionera.

Woyang'anira Gulu: Ndatulutsa anthu awiri omwe amatumiza zomwe ndinaletsa. Ena pitirizani.

Kondwani: Ndabwera. Ndamufunsa pa foni. Wayamba waseka, akuti ndadya chiyani lero. Kenako wakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yadula. Kenako wati nkhani imeneyi si ya pa foni, tikambirane mawa pamaso. Zomwe akanene sindidzalemba muno.